Chotchinga mphepo pa mota: chitetezo chagona pa kamangidwe

ULÓNGUÈ — Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, anyamata a kabaza amene amalawirira pa msewu wochoka ku Ulónguè kupita ku Calómuè, kumalire ndi Dedza, amalimbana ndi chisanu choopsa. Mphepo ya m'mapiri a Angónia ndi Tsangano imalowa pachifuwa, zala zimachita dzanzi, ndipo munthu amafika pamsika akunjenjemera. N'chifukwa chake ena amagula chotchinga mphepo chapulasitiki, chimene pa Chipwitikizi amati carenagem, ndi kuchimangirira kutsogolo kwa mota.

Chotchingachi chimagulidwa padera, ndipo kawirikawiri chimakhala kuti chinapangidwira mota ya mtundu wina. Zibowo za chotchinga cha Lifan sizingangolingana ndi za Bajaj Boxer. Mwini mota akafulumira, makaniko amangopinda tizitsulo, kumanga ndi waya, basi ntchito yatha. Apa ndiye pamene ngozi imayambira.

Zotchinga zilipo za mitundu iwiri. China chimagwira ku chitsulo chachikulu cha mota ndipo sichiyenda chiwongolero chikamakhota. China chimagwira ku chiwongolero kapena ku mashoko akutsogolo ndipo chimakhota nacho limodzi. Chachiwirichi n'chosavuta kumanga, koma kulemera kwake konse ndi mphepo imene ikuchiwomba zimathera m'manja mwa woyendetsa. Chikakhala chachikulu kwambiri pa mota yaing'ono, mphepo ya lole imene ikudutsa imatha kugwedeza chiwongolero, makamaka ngati kumbuyo kwalemedwa ndi thumba la mbatata ya kachewere.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kuimika mota pamalo osalala, tayala lakutsogolo litaongoka. Amalowetsa maparafuzu onse osawamanga, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone ngati chotchingacho chakhala pakati penipeni. Akakhutira ndi pamene amamanga pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali inayo mosinthana. Pakati pa pulasitiki ndi chitsulo amaikapo tilabala, ngakhale todula ku chubu chakale, kuti kugwedezeka kwa injini ndi kwa misewu yafumbi kusang'ambe pulasitikiyo. Kumanga mopitirira ndi sipanala nakonso kumang'amba.

Mwini mota asanapereke ndalama, pali zinthu zofunika kuziyesa ndi maso ake. Choyamba ndi kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere. Zala, magalasi oonera m'mbuyo ndi zogwirira za buleki ndi kilatchi zisagunde paliponse. Kenaka alize injini osaika giya, n'kukhotetsanso. Injini ikakwera yokha, ndiye kuti kebulo ya mafuta yapanikizika, ndipo tsiku lina mota idzathamanga yokha pokhota. Agwirenso buleki yakutsogolo ndi kukankhira mota pansi mwamphamvu kuti aone ngati madigadi sakugunda chotchinga mashoko akafupika.

Injini nayo iganiziridwe. Mota zambiri za kabaza zilibe madzi oziziritsa. Zimazizira ndi mphepo imene imadutsa m'zipsepse zachitsulo za injiniyo. Pulasitiki ikatsikira m'munsi n'kutchinga zipsepsezo, injini imatentha pokwera mitunda, mafuta ake amasungunuka ngati madzi, ndipo mota imene imadyetsa banja imatha msanga.

Madzulo ndi nthawi yoyesa nyali. Mota iime moyang'ana khoma, mwini wake atakhalapo, chifukwa kulemera kwa munthu kumasintha kumene nyali ikuloza. Kuwala kugwere pang'ono pansi pa msinkhu wa nyaliyo, kuti kuunike msewu popanda kuthobwa m'maso anthu obwera kutsogolo. Nyali zokhotera, zija amati mapisika, zioneke bwino kutsogolo ndi m'mbali.

Kutalika kwa galasi la chotchinga ndi nkhani inanso. Ambiri amakonda lalitali poganiza kuti ndilo limateteza kwambiri, koma woyendetsa ayenera kuona msewu pamwamba pa galasi, osati kudzera m'galasi. Nsonga yake isapitirire pamphuno pa munthu amene wakhala bwino pampando. M'nkhungu ya m'mawa, pafumbi kapena pamvula, galasi lalitali limachita chimbuuzi, ndipo dzenje, mbuzi kapena mwana wodutsa msewu amaoneka mochedwa. Mphepo ikamamenya chisoti mpaka mutu kugwedezeka, mankhwala ake ndi kupendeketsa galasilo pang'ono ndi kuyesanso.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wapang'onopang'ono, wopanda wokwera kumbuyo. Chiwongolero chikayamba kunjenjemera liwiro likamakwera, chotchingacho chibwerere kwa makaniko tsiku lomwelo. Pobwera, maparafuzu onse ayesedwenso, pakuti amamasuka m'masiku oyamba. Galasi litsukidwe ndi madzi, sopo ndi kansalu kofewa, chifukwa petulo amaliwononga. Pakaoneka mng'alu, kubowola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kumauletsa kupitirira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zochepa zoyesa chiwongolero, makebulo ndi nyali pa ofisina n'zotchipa kuposa ulendo wa kuchipatala. Ndipo chotchinga mphepo, ngakhale chimangidwe bwino chotani, chimangothamangitsa chisanu. Mutu wa woyendetsa ndi wa wokwera umatetezedwa ndi chisoti.