Fupa la msana likasuntha, musathamangire kuyala mphasa

Mayi wina wogulitsa tomato analowa m'chipinda changa cha mafizo atafumbata envulopu ya X-ray ngati kalata ya maliro. "Adokotala, akuti fupa langa lachoka m'malo. Ndiye kuti ndipuwala?" Anali atagona pamphasa milungu itatu, m'chiuno muli mphini zosapola.

Ndinaimika chithunzicho pawindo. Kumunsi kwa msana kuli mafupa asanu osanjikizana, omwe timawatchula L1 mpaka L5. Kwa mayiwa, la L4 linali litatererekera kutsogolo pamwamba pa L5. Vutoli ndi spondylolisthesis, mawu a Chigiriki ongotanthauza kuterereka kwa fupa la msana. Limakonda amayi opitirira zaka 50, pamene katsamiro kapakati pa mafupa kayamba kuphwa ndipo timfundo takumbuyo taperepeseka. Mu 1932, Henry Meyerding wa ku Mayo Clinic ku America anaika magiredi oyezera kusunthako, ndipo yoyamba ndi ya fupa lomwe silinapitirire 25 peresenti. Ambiri omwe ndimawaona, kuphatikizapo mayiwa, ali pamenepa. Ena amalima ndi kutunga madzi zaka zambiri osadziwa n'komwe kuti ali nalo.

Chomwe X-ray sionetsa bwino ndi minofu, pomwe nkhani yagona pamenepo. Taganizirani makatoni asanu pakaliyala ya njinga. Msewu ungakhale wa mabampu, malegeni akakhala olimba katundu amafika. Akakhwepa, katoni imodzi imayamba kusuzumira kunja. Malegeni a msana ndi timinofu tifupitifupi totchedwa multifidus, tomwe timamanga fupa ku linzake, mothandizana ndi mnofu wamkati wa pamimba wozungulira ngati lamba. Tikajambula ndi MRI anthu a fupa losuntha, nthawi zambiri timapeza timinofuti titafota, malo ake mutalowa mafuta.

Apa pali kamsampha. Ululu ukayamba, multifidus imaleka kugwira ntchito bwino. Ikafooka, fupa limagwedera, ululu n'kuwonjezeka, munthu n'kugonanso. Mu 1996, Julie Hides ndi anzake ku University of Queensland anaonetsa kuti ngakhale ululu wa msana utatha, timinofuti sitibwerera tokha mwakale. Timafuna kudzutsidwa mwadala. Chaka chotsatira, Peter O'Sullivan wa ku Perth anaphunzitsa odwala a fupa losuntha kapena long'aluka mafizo a minofu yamkatiyi kwa milungu 10. Ululu unachepa, ndipo patatha miyezi 30 anali akupezabe bwino.

Ndisakunamizeni: mafizo sabweza fupa pamalo pake. Wokuuzani kuti alikankha ndi chala libwerere akungofuna ndalama zanu. Zopondetsa mwana pamsana zija nazonso zilekeni. Mukajambulitsanso pakatha chaka, chithunzi chikhoza kukhala chomwechija, koma inu mukuyenda ulendo wakumsika osafuna pokhala. Ine ndimayeza kuchira ndi mtunda umene munthu wayenda.

Mafizo akenso si a anyamata a mpira ayi. Mayi aja tinayamba atagona chagada, mawondo atapinda, akukokera mchombo mkati pang'ono uku akupuma bwinobwino. Anaseka, amvekere, "Basi zomwezi?" Kenako anagwada, manja pansi ngati mwana wokwawa, n'kumatambasula mwendo umodzi chiuno chisakupendekeka. Thukuta linatuluka. Ndinawaletsa kaye kupinda msana chakumbuyo, chifukwa kumapanikiza malo ovutawo, ndipo dengu la tomato tinagwirizana kuti aziligawa pawiri. Kugona tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakula si mlandu. Milungu itatu ndiyo imadya minofu.

Opaleshoni ilipo, yomasula mitsempha yopanikizika ndi kumanga mafupa ndi zitsulo, koma ndi ya ochepa omwe mafizo ndi mankhwala zawakanika, kapena miyendo yayamba kufooka.

Pali zizindikiro zina zomwe sizidikira mafizo anga. Mukamva dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako, mkodzo ukamakanika kutuluka kapena kutuluka wokha, chimbudzi chikamakupulumukani, kapena phazi likayamba kukwakwaza pansi, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene zizindikirozo mosachita manyazi.