Chifukwa chiyani nswala yamphongo imakalamba msanga?

Amene tinafikapo kumalo osungirako nyama ku Vwaza, kumpoto kwa boma lathu la Mzimba, kapena ku Kasungu, tinaona kuti pa gulu lalikulu la nswala zazikazi pamakhala mphongo yaikulu imodzi yokha. Ambiri timati imeneyo ndiyo yodala. Komatu ufumu wake sukhalitsa, ndipo imaulipira ndi thupi lake.

Nswala zimakwerana mvula ikatha, makamaka m'mwezi wa Meyi, kuti ana adzabadwe mu Novembala kapena Disembala msipu ukuphuka. Pa nyengo imeneyi mphongo siidya mokwanira. Usana ndi usiku imangokhalira kulira mwaukali, kukusa zazikazi ndi kupirikitsa zinzake. Imaonda, mphamvu n'kutha, kenaka ina imailanda malo. Yogonjayo imabwerera ku gulu la mphongo zokhazokha, ndipo ikafooka chotere, nyalugwe ndi fisi savutika nayo. Yaikazi imayamba kubereka ili ndi zaka ziwiri, pamene yamphongo imadikira pafupifupi zaka zinayi isanapeze mpata.

Umboni wochuluka wa zimenezi unachokera kutali, pa chilumba cha Rum ku Scotland. Kumeneko kuli nyama zofanana ndi nswala zotchedwa deer, zomwe kuno kwathu kulibe. Nyama yaludzu ija ya mu Salimo 42 ndi ya mtundu umenewu. Kuyambira cha m'ma 1972, Tim Clutton-Brock ndi anzake akhala akutsata nyamazi imodziimodzi, kuchokera pobadwa mpaka pakufa. Anapeza kuti mphongo imabereka kwambiri pakati pa zaka 8 ndi 11, ndipo zikapitirira zaka zimenezi imafooka mofulumira. Zazikazi zimakalamba pang'onopang'ono, zimakhalitsa, ndipo zina zimaberekabe zili nkhalamba. Chinanso, mphongo ya deer imathothoka nyanga chaka ndi chaka n'kumera zatsopano, ntchito imene imadya thupi. Nswala zathu zilibe vuto limenelo, pakuti nyanga zake nzamuyaya.

M'chaka cha 2022 nswala 128 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu kuti zikachulukane. Nkhawa yathu ndi yakuti wosaka nyama mozemba akakhala ndi mfuti amaloza ya nyanga zazikulu ndi khosi lonenepa. Imeneyo ndiyo ili m'zaka zake zochepa zoberekazo, ndipo ikagwa, zazikazi zimatsalira mphongo zosakhwima ndi zotheratu.