Mankhwala Akasintha ku Chipatala, Walamula Ndani?

Amayi, m'sewero lomwe tamvera pa wailesi munali mkangano pakati pa mayi wa mwana wodwala malungo ndi apongozi ake. Mayiyo adabwera kuchokera ku chipatala atatenga mankhwala a LA, koma agogo a mwanayo sadakondwe nazo. Iwo adati ana awo onse adawalera ndi chloroquine. Kenaka a chipatala adati chloroquine watha mphamvu, anthu azimwa Fansidar. Lero akuti Fansidar nayenso sachiza, komatu mpongozi wawo yemweyo ali woyembekezera ankapatsidwa Fansidar ku sikelo. Tsono agogo adafunsa kuti anthu onena zina lero, mawa zina, tiwakhulupirire bwanji?

Funso limeneli si lopusa ayi. Mwina inunso mudadzifunsapo chamumtima muli pa mzere ku sikelo. Choyamba choti mudziwe ndi chakuti namwino kapena dokotala wa pa chipatala chanu sadzuka m'mawa n'kuganiza yekha zosintha mankhwala. Iye amatsata buku la malangizo lochokera ku Unduna wa za Umoyo. Nawo Undunawo sulemba bukulo mongolota. Umayamba wamva uphungu wa magulu a akatswiri a sayansi.

Kodi magulu amenewa ndi otani?

Mfumu yanzeru sigamula mlandu yokha. Imakhala ndi nduna zake zomwe zimamva mbali zonse, kufunsa mboni, ndi kuinong'oneza mfumuyo momwe zauonera mlanduwo. Koma wogamula ndi mfumu. Umu ndi momwenso zilili pakati pa boma ndi akatswiri: akatswiri amalangiza, boma limagamula.

Akatswiriwa ali ndi mabungwe awo, monga momwe alimi kapena aphunzitsi alili ndi mabungwe awo. Ena mwa mabungwewa ndi akalekale. Bungwe la Royal Society la ku London lidayamba m'chaka cha 1660. Ku America, Pulezidenti Abraham Lincoln adasainira lamulo lokhazikitsa bungwe la National Academy of Sciences mu 1863, ndipo lamulolo lidanena kuti boma likafunsa za sayansi bungweli lizifufuza ndi kuyankha, popanda kulipidwa chifukwa cha uphunguwo. Kuno kwathu aliponso mabungwe a madokotala, a madokotala a ana ndi a azamba, komanso magulu a akatswiri omwe Unduna umaitana kuti aulangize pa za malungo, katemera ndi Edzi. Pa dziko lonse, bungwe la WHO nalo lili ndi magulu otere.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ndi kotere. Pakabuka funso, amasankha anthu odziwa mbali zosiyanasiyana za nkhaniyo: wina wodziwa matenda a ana, wina wodziwa mankhwala, wina wodziwa kuwerengetsa chiwerengero cha odwala. Aliyense amayenera kuulula ngati adalandirapo ndalama ku kampani yopanga mankhwala omwe akukambidwawo. Akatero amasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku yense amene adachitika, namaona kuti wochitika mosamala ndi uti, wokayikitsa ndi uti. Sakhulupirira mawu a munthu mmodzi, ngakhale akhale pulofesa wotchuka chotani. Zomwe agwirizana amazilemba, napereka kwa akatswiri ena omwe sadali nawo pa zokambiranazo kuti apezemo zolakwa. Pomaliza amapereka ku boma, ndipo kawirikawiri amazisindikiza kuti aliyense aziwerenge.

Nkhani ya chloroquine

Agogo aja sadaname. Kwa zaka zambiri chloroquine ankachizadi malungo, ndipo anali wotsika mtengo, wopezeka ngakhale mu golosale ya m'mudzi. Chomwe chidasintha si mankhwalawo koma tizilombo toyambitsa malungo. Munthu akamwa mankhwala, tizilombo tambiri timafa, koma nthawi zina pamatsala towerengeka tolimba. Udzudzu ukaluma munthuyo umatenga tolimbato n'kukatipatsira ena, ndipo pakapita zaka tizilombo tolimba ndi tomwe timadzaza dziko. Zimenezi zimafulumira anthu akamamwa mankhwala osamaliza, kapena kumwa pa kutentha thupi kulikonse.

M'zaka za m'ma 1980 anamwino adayamba kuona ana akubweranso ku chipatala patangopita masiku ochepa atamwa chloroquine, thupi litatenthanso, m'manja ndi m'zikope muli mbuu chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Koma kudandaula kokha sikukwanira kusintha ndondomeko ya dziko lonse. Choncho akatswiri a Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi anzawo a bungwe la CDC la ku America adachita kafukufuku, makamaka ku Mangochi. Ankapatsa ana mankhwala, n'kumawayeza magazi mobwerezabwereza kwa masabata angapo kuti aone ngati tizilombo tathadi. Adapeza kuti ana ambiri omwa chloroquine ankatsala ndi tizilombo ndipo magazi awo sankabwerera msanga, pamene omwa Fansidar ankachira bwino.

Akatswiri adakatula umboniwu ku boma, ndipo mu 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuika Fansidar, amene a chipatala amamutchanso SP, kukhala mankhwala oyamba a malungo. Sichinali chinthu chapafupi. Anthu adali atazolowera chloroquine, ndipo ambiri ankadandaula kuti Fansidar satsitsa msanga kutentha kwa thupi.

Patapita zaka zosakwana khumi tizilombo tidayambanso kupirira Fansidar. Apa m'pomwe muone kuti uphungu wa akatswiri ndi chigamulo cha boma sizifika tsiku limodzi. Kale mu 2001 akatswiri oitanidwa ndi WHO adali atalangiza kuti maiko omwe mankhwala akale afooka asinthire ku mankhwala ophatikiza mitundu iwiri. Koma mankhwala atsopanowo anali okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi Fansidar. Boma lidayenera kupeza ndalama, zomwe zambiri zidachokera ku Global Fund ndi ku boma la America, kuphunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zonse, ndi kukonza zoti mankhwalawo azifika ngakhale ku zipatala za kutali. LA adayamba kuperekedwa kumapeto kwa 2007. Tinene zoona, zaka zodikirazo ana ambiri adamwa mankhwala omwe sankawathandiza mokwanira.

Mu LA muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizilombo tambiri mofulumira, pamene lumefantrine amakhalitsa m'magazi kuti amalize totsala. N'chifukwa chake anamwino amanenetsa kuti mwana amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse, ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Mpatseni atayamwa kapena atadya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono monga phala lotsira nsinjiro, chifukwa mafuta amathandiza kuti mankhwalawa alowe bwino m'thupi.

Pali chinthu china chomwe agogo akadasangalala nacho atachimva. Kafukufuku yemwe adachitikira ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, zotsatira zake n'kutuluka mu 2006, adapeza kuti chloroquine wayambanso kugwira ntchito. Adachiza ana 99 pa 100 aliwonse, pamene Fansidar adachiza 21 okha. Chifukwa chake n'chakuti chloroquine atachotsedwa, tizilombo tomupirira tija tidachepa. Nanga bwanji sadamubweze? Akatswiri omwewo adachenjeza kuti m'maiko oyandikana nafe tizilombo topirira tidakalipo, ndipo anthu ndi udzudzu sadziwa malire a dziko. Chloroquine akadabwerera yekha, sakadachedwa kufookanso.

Nanga Fansidar wa ku sikelo ya amayi oyembekezera? Ntchito yake ndi ina. Sapatsidwa kuti achize mayi wodwala, koma kuti ateteze mayi amene sakumva kudwala kulikonse. Tizilombo ta malungo timabisala m'nsengwa, mwana n'kubadwa wonyentchera ndipo mayi n'kuchepa magazi. Kafukufuku adaonetsa kuti pa ntchito yotetezayi Fansidar akadathandizabe. Kale mayi ankamwa kawiri pa pakati pamodzi, koma mu 2012 akatswiri a WHO atawerenganso umboni adalangiza kuti azimwa mwezi ndi mwezi miyezi itatu yoyamba ikadutsa, kosachepera katatu asanachire. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar, choncho muziwauza anamwino mankhwala onse omwe mukumwa.

Boma likakana kumva

Si nthawi zonse pamene atsogoleri amamvera akatswiri. Chitsanzo chomvetsa chisoni chidachitika ku South Africa pa nkhani ya Edzi. Cha m'ma 2000 Pulezidenti Thabo Mbeki ankakayika zoti kachilombo ka HIV ndiko kamayambitsa Edzi, ndipo nduna yake ya za umoyo, Manto Tshabalala-Msimang, inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot uku ikunena kuti ma ARV ndi oopsa. Mu July 2000 akatswiri oposa 5,000 a m'maiko ambiri adasainira chikalata chotchedwa Durban Declaration chonena poyera kuti HIV ndiyo imayambitsa Edzi. Boma silidasunthe. Zidatengera khoti lalikulu la dzikolo mu 2002 kulamula kuti mankhwala a nevirapine, oteteza mwana kuti asatengere kachilombo kwa mayi, aziperekedwa m'zipatala za boma.

Bungwe la akatswiri la dzikolo, la Academy of Science of South Africa, lidasankha gulu loti liunike umboni wonse wokhudza zakudya, HIV ndi TB. Mu 2007 lidalengeza kuti chakudya chabwino n'chofunika ndithu kwa wodwala, koma palibe chakudya chilichonse chomwe chingalowe m'malo mwa mankhwala. Bungweli lidalibe mphamvu yokakamiza nduna. Mphamvu yake idali yakuti zomwe lidapeza lidaziika poyera, kotero kuti atolankhani, aphungu ndi odwala eni ake adali ndi pogwira. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard adawerengetsa mu 2008 kuti kuchedwa kupereka mankhwala pakati pa 2000 ndi 2005 kudatayitsa miyoyo yoposa 330,000, ndipo makanda pafupifupi 35,000 adabadwa ndi kachilombo pamene akadatha kutetezedwa.

Kuno zidayenda mosiyana. Akatswiri a kuno adalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kumwa moyo wake wonse, osadikira kuyezedwa chitetezo cha m'thupi, popeza makina oyezera anali m'zipatala zochepa. Boma lidavomera WHO isanalangize zimenezi, ndipo pambuyo pake maiko ena adatengera kwa ife.

Nthawi zina akatswiri amati dikirani

Musaganize kuti akatswiri amangokankhira boma ku chilichonse chatsopano. Katemera wa malungo wa RTS,S atayesedwa m'maiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo ku Lilongwe, magulu awiri olangiza WHO adakumana mu 2015 ndipo sadavomere kuti aperekedwe paliponse. Adali ndi mafunso. Kodi amayi adzakwanitsa kubwera ndi ana kanayi konse? Kodi matenda oumitsa khosi omwe adaoneka mwa ana ena pa nthawi ya kafukufuku adadza chifukwa cha katemerayu, kapena zidangokumanizana? Choncho adalangiza kuti ayambe waperekedwa m'madera ochepa uku akuyang'anitsitsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malawi ndilo lidayamba, pa 23 April 2019, kenaka Ghana ndi Kenya. Kuno katemerayu adayambira m'maboma 11. Amayi omwe ankanyamula ana kupita ku sikelo m'mabomawo ndiwo adathandiza kuyankha mafunso aja. Zidapezeka kuti katemerayu sabweretsa matenda oumitsa khosi, ndipo mu October 2021 WHO idavomereza kuti agwiritsidwe ntchito m'maiko ovutika ndi malungo. Pofika 2023 zotsatira zidaonetsa kuti m'madera olandira katemera imfa za ana a msinkhu wobayidwa zidatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Katemerayu sateteza kotheratu, n'chifukwa chake mwana wobayidwa ayenera kugonabe mu neti usiku uliwonse.

Kodi LA nayenso adzasintha?

N'kutheka. Kuyambira cha m'ma 2020 akatswiri apeza ku Rwanda ndi ku Uganda tizilombo tomwe tikuchedwa kufa ndi mankhwala a gulu la artemether. Choncho a Unduna amayesa LA pakapita nthawi, monga momwe adachitira ndi chloroquine ku Mangochi kuja, popatsa ana mankhwala ndi kuwayeza magazi kwa masabata anayi. Akadzaona kuti ana ochuluka sakuchira, akatswiri adzakhalanso pansi, ndipo buku la anamwino lidzasinthanso.

Inunso muli ndi mbali pa kawerengedwe kameneka. Mwana akatentha thupi pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo kapena lotsatira kuti akayezedwe magazi asanamwe mankhwala a malungo. Musasunge mapiritsi otsala kuti mudzampatse mkulu wake. Ngati wamaliza LA yense koma thupi latenthanso, musapite ku golosale. Bwererani naye ku chipatala mutatenga buku lake, ndipo mukawauze anamwino tsiku lomwe adayamba kumwa ndi tsiku lomwe adamaliza.