Mipingo inkalondera kupsompsonana, ndudu n'kudutsa

M'chaka cha 1934, Akatolika miyandamiyanda ku America ankaimirira m'matchalitchi mwawo n'kulonjeza kuti sadzapondamo m'nyumba yoonetsera kanema imene ikuonetsa zolaula. Lonjezoli linachokera ku gulu la Legion of Decency, limene mabishopu anayambitsa, ndipo gululi linkaika mafilimu m'magulu. Filimu ikagwera m'gulu la C, yoletsedwa kwa Mkhristu, eni ake ankadziwiratu kuti ndalama zawo zalowa m'madzi.

Nawo a ku Hollywood anali ndi malamulo awoawo otchedwa Production Code, olembedwa mu 1930 ndi wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Daniel Lord, pamodzi ndi Martin Quigley, Mkatolika mnzake amene ankafalitsa nyuzi za mafilimu. Mkulu wa bungwe la eni mafilimu, Will Hays, anali mkulu wa mpingo wa Presbyterian. Kuyambira 1934, Joseph Breen, Mkatolikanso, ndiye ankawerenga nkhani ya filimu iliyonse isanajambulidwe. Kupsompsonana kwachilakolako kunali koletsedwa, kutukwana nakonso ayi. Mbusa kapena wansembe sankayenera kusekedwa, ndipo chigawenga sichinkaloledwa kupambana filimu ikamatha. Ngakhale mwamuna ndi mkazi wake, kawirikawiri ankawagoneka pa mabedi awiri. Papa Pius XI anayamikira ntchitoyi m'kalata yake ya 1936 yonena za kanema.

Pa zonsezi fodya sanamuletse. Ndipo poti zachikondi zinali zotsekeredwa, opanga mafilimu anapeza njira yozembera: ndudu ndiyo inayamba kunena zimene milomo inaletsedwa kuchita. Mu filimu ya 1942 ya Now, Voyager, Paul Henreid amaika ndudu ziwiri pakamwa, kuziyatsa pamodzi, n'kupereka imodzi kwa Bette Davis. Oonera onse ankamva tanthauzo lake, koma mlonda wa makhalidwe analibe poti agwire. Makampani a fodya sanagone. Zikalata zawo zimene zinadzaululika pambuyo pake zikuonetsa kuti m'zaka za m'ma 1930 American Tobacco Company inkalipira akatswiri ngati Clark Gable, Joan Crawford ndi Spencer Tracy kuti atamande ndudu za Lucky Strike m'manyuzi ndi pa wailesi.

Anthu a nthawi imeneyo sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa umboni wamphamvu woti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo unabwera mu 1950, pamene Richard Doll ndi Austin Bradford Hill ku Britain, komanso Ernst Wynder ndi Evarts Graham ku America, anafalitsa zimene anapeza. Boma la America linavomereza poyera mu 1964. Chodabwitsa n'chakuti umboni utabwera, diso la mpingo pa kanema silinasunthe. Mpaka lero, kholo lachikhristu likalowa pabalaza ana akuonera filimu, limathamangira rimoti likaona ntchafu kapena likamva mawu otukwana. Ekita akayatsa ndudu atangogonjetsa adani ake, kholo limapitiriza ulendo wa kukhitchini.

Ana a m'mavidiyo sho amati ekita safa. Humphrey Bogart, amene sankaoneka kawirikawiri wopanda ndudu m'manja, anafa mu 1957 ali ndi zaka 57, ndi khansa ya kummero. John Wayne anamuchotsa phapo limodzi mu 1964. Yul Brynner, amene okonda mafilimu a m'Baibulo amamukumbukira ngati Farao wa mu The Ten Commandments, anafa ndi khansa ya m'mapapo mu 1985, ndipo uthenga wake wochonderera anthu kuti asasute unaulutsidwa pa kanema iye ali kale m'manda. Khansa ya kummero imene inapha Bogart si yachilendo kwathu kuno: Malawi ali m'gulu la maiko amene matendawa ndi ochuluka kwambiri pa dziko lonse. Zoyambitsa zake n'zingapo ndipo akatswiri akadafufuzabe, koma fodya ndi mowa zili m'gulu la zodziwika kale.

Utsi wa ndudu uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Phula la mu utsiwo limafooketsa titsitsi ting'onoting'ono ta m'njira za mpweya timene timasesa fumbi ndi tizilombo, n'chifukwa chake wosuta amadzuka ndi chifuwa m'mawa, komanso chifuwa chachikulu cha TB chimamupeza msanga ndi kumuvuta kuchira. Mulinso mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'mwezi wa June. Mpweyawu umalanda malo a okosijeni m'magazi, mtima n'kumagwira ntchito mopitirira muyeso. Mitsempha imauma ndi kuchepa njira, magazi amaundana msanga, mapeto ake ndi matenda a mtima kapena sitiroko. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo sanasutepo, amangopuma utsi wa anzawo.

Chimene chimamanga munthu ku ndudu ndi nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini imafika mu ubongo m'masekondi ochepa chabe n'kutulutsa dopamine, mankhwala amene amauza ubongo kuti chimene wachitachi n'chokoma, uchitenso. Ubongo umazolowera, n'kuyamba kufuna zambiri, ndipo ukazisowa munthu amakwiya, amasowa tulo, mutu sugwira. Ubongo wa wachinyamata umapitiriza kukula mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo umakodwa msanga kuposa wa munthu wamkulu. Ku America, pafupifupi anthu 9 mwa 10 aliwonse osuta tsiku ndi tsiku analawa ndudu yoyamba asanapitirire zaka 18. M'mera mpoyamba. Makampani a fodya amadziwa kuti bambo wa zaka 40 amene sanasutepo sangayambe lero, choncho kasitomala amene amamufuna ndi wa ku sekondale.

Kodi kuonera kungachititsedi mwana kusuta? Funsoli analitenga ofufuza a pa Dartmouth ku America, Madeline Dalton, James Sargent ndi anzawo. Anapeza ana a zaka 10 mpaka 14 a ku New Hampshire ndi Vermont amene anali asanasutepo, n'kuwafunsa mafilimu amene anaonera pa mndandanda wa mafilimu otchuka omwe anali atawerengeratu kuti kusuta kukuonekamo kangati. Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri anabwereranso kwa ana oposa 2,600. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2003. Mwa ana amene anaona kusuta kochepa kwambiri, atatu pa 100 aliwonse anali atayamba kulawa fodya. Mwa amene anaona kusuta kochuluka, anali 17 pa 100. Atachotsera zina zimene zingakope mwana, monga anzake osuta, khalidwe lake lokonda zoopsa ndi kaleredwe ka kwawo, mpata woyamba kusuta unali wochulukabe pafupifupi katatu.

Mfundo ina ya m'kafukufukuyu ndiyo iyenera kukhudza mpingo kwambiri. Mphamvu ya filimu inaoneka yaikulu pa ana amene makolo awo sasuta. Mwana wa bambo wosuta amaudziwa fodya weniweni: fungo la m'malaya, mano ofiira, chifuwa cha m'bandakucha. Mwana wa mkulu wa mpingo fodya amamuona pa kanema pokha, ali m'kamwa mwa munthu wokongola, wolimba mtima, amene satsokomola.

Wina anganene kuti kafukufuku wotere sangatsimikize chilichonse, poti palibe amene angatsekere ana m'chipinda n'kumawaonetsa mafilimu kuti aone ngati asute. N'zoona. Koma zofanana ndi zimenezi zinapezekanso ku Germany, Mexico, India ndi maiko ena, ndipo mu 2012 mkulu wa zaumoyo m'boma la America, Surgeon General, analengeza kuti umboni ndi wokwanira kunena kuti kusuta kwa m'mafilimu kumachititsa achinyamata kuyamba kusuta. Makampani a fodya anali atazidziwa kale, apo ayi sakanawononga ndalama. Mu Superman II ya 1980, filimu ya ana, Lois Lane amasuta Marlboro ndipo Superman amaponyedwa m'galimoto yolembedwa dzina lomwelo, zonsezi kampani ya fodya ya Philip Morris italipira. Mu 1983 Sylvester Stallone, Rambo wathu yemwe uja, anasaina kalata yovomera kugwiritsa ntchito fodya wa Brown & Williamson m'mafilimu asanu pa mtengo wa madola 500,000. Malipiro otere analetsedwa ku America mu 1998, koma utsi sunachoke pa kanema.

Si mipingo yonse imene inagona. A Seventh-day Adventist, eni chipatala cha Malamulo ku Thyolo, akhala akuphunzitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1860 kuti kusamala thupi ndi mbali ya kupembedza, potsamira pa chiphunzitso cha mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 6 chonena za mwini thupi la wokhulupirira. Mu 1954 bungwe lawo lolimbana ndi mowa ndi fodya linatulutsa filimu ya One in 20,000, yoonetsa dokotala Alton Ochsner akuchotsa phapo la munthu wa khansa, zaka khumi boma lisanalankhule. Anayambitsanso maphunziro a masiku asanu othandiza anthu kusiya fodya. Kafukufuku wa pakati pa mamembala awo ku California anapeza kuti khansa ya m'mapapo ndi yochepa kwambiri pakati pawo, ndipo amakhala moyo zaka zingapo kuposa anansi awo. Katekisimu wa Akatolika amatchula fodya pa zinthu zimene Mkhristu sayenera kuchita mopyola muyeso, ngakhale madokotala anganene kuti ndudu ilibe muyeso wabwino, poti ngakhale imodzi pa tsiku imaika mtima pa chiopsezo. Papa Francis analetsa kugulitsa ndudu ku Vatican kuyambira 2018.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera pakamwa. Fodya ndiye amabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa mbewu ina iliyonse, ndipo ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji, malata a tchalitchi ambiri anagulidwa okushoni ya ku Kanengo kapena Chinkhoma itatsegulidwa. Mbusa amene chakhumi chake chimachokera ku mabelo amasankha mawu mosamala. Ine ndikuona kuti mantha amenewa ndi opitirira. Pafupifupi fodya yense wa mlimi wa ku Malawi amapita kunja, ndipo mwana wa mlimiyo akapanda kusuta, mtengo wa pa okushoni sutsika ndi tambala imodzi. Boma la Malawi nalo linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, mochedwa kuposa maiko ambiri, koma linalowa.

Panganoli limalimbikitsa maiko kuyang'ana fodya wa m'mafilimu ngati njira ina yotsatsira malonda. India anachitapo kanthu mu 2012: munthu akamasuta mu filimu, chenjezo limalembedwa m'munsi mwa chithunzi nthawi yomweyo, ndipo uthenga wa zaumoyo umaonetsedwa filimu isanayambe komanso ikafika pakati. Kampani ya Disney inalengeza mu 2015 kuti yachotsa kusuta m'mafilimu ake a ana ndi achinyamata, kupatula onena za anthu enieni a m'mbiri. WHO imapempha kuti filimu yatsopano yokhala ndi kusuta iziikidwa m'gulu la akuluakulu okha.

Malawi ali ndi bungwe loona za mafilimu, Censorship Board, lochokera ku lamulo la 1968, ndipo mbiri yake ndi ya kulondera zolaula ndi ndale. Koma ana ambiri saonera mafilimu odutsa pa tebulo la bungwelo. Amaonera m'kachisakasa ka pamsika, pamene woyang'anira pakhomo amafunsa ndalama osati zaka, kapena pa foni, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amawaika pa memore khadi. Mavidiyo a nyimbo nawo abweretsa shisha ndi ndudu zamagetsi, zimene zambiri mwa izo zili ndi nikotini yomwe ija. Kumeneko wosefa yekhayo ndi kholo, ndipo ofufuza a ku Dartmouth aja anapezanso kuti ana amene makolo awo amawaletsa mafilimu a akuluakulu sayamba kusuta kawirikawiri poyerekeza ndi amene amaonera chilichonse.