Kodi mumadziwa? Njovu yachitsulo ya ku South Africa

Mukamadutsa pa amisiri owotcherera mageti, mudziwe kuti luso lokonzanso chitsulo chakale linabalapo kasinja wankhondo. Mu 1977 bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugulitsa zida kwa boma latsankho la South Africa. Akatswiri a kumeneko anangotenga akasinja akale a ku Britain otchedwa Centurion, n'kuwaphwasula n'kuwamanganso. Dzina latsopano linali Olifant, kutanthauza njovu m'Chiafrikaans.

Mtundu wa Olifant wotchedwa Mk1A umalemera matani oposa 50. Anauchotsa injini ya petulo n'kuikamo ya dizilo, ndipo mzinga wake ndi wa mamilimita 105 kukamwa. Mkati mumakhala anthu anayi mothithikana: woyendetsa, wolamula, wowombera ndi wolonga zipolopolo.

Njovuyi inalawa nkhondo ku Angola mu 1987 ndi 1988, polimbana ndi akasinja a T-55 ochokera ku Soviet Union. Koma mdani woopsa anali pansi. Mu March 1988, pafupi ndi Cuito Cuanavale, akasinja atatu a Olifant anasiyidwa m'dera lotcheredwa mabomba okwirira. Mtundu wotsatira, Mk1B, anaupangira mimba ya zitsulo ziwiri zosanjikiza yoteteza ku mabomba otere.