Pedulo yomanga phazi ndi matope a ku Nathenje

Njinga zokwerera mapiri, zija za magiya ambiri ndi matayala a mano, sizilinso zachilendo m'misewu ya kumwera kwa Lilongwe. Zambiri zimalowa m'dziko muno zitatumikirapo eni ake kumaiko akunja, ndipo zina zimafika ndi mapedulo odabwitsa: kachitsulo kakang'ono ka sipuling'i ndi zibwano, kopanda malo oti phazi n'kukhazikikapo. Awa ndi mapedulo omwe ochita mipikisano amawatcha clipless. Amayendera limodzi ndi nsapato yakeyake, yomwe kunsi kwake kumamangidwa kachitsulo ndi mabawuti awiri. Ukaponda, kachitsuloko kamalowa m'zibwano n'kugwira. Ukafuna kutsika, umapotolera chidendene kunja, phazi n'kumasuka. Mnyamata wa pa Nathenje kapena ku Mitundu amene wagula njinga yotere amafunsa ngati asunge mapedulowo n'kusaka nsapato zake, kapena awachotse. Kwa okwera ambiri a kuno, kuwachotsa ndiye nzeru, ngakhale kuti mapedulowo ndi olimba ndithu.

Mbiri yawo ndi yabwino. Kampani ya ku France ya Look, yomwe inkapanga zomangira mapazi za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, idatulutsa pedulo yotere mu 1984, ndipo chaka chotsatira Bernard Hinault adapambana nayo mpikisano wa Tour de France. Mu 1990 kampani ya ku Japan ya Shimano idabweretsa mtundu wa SPD wa njinga za m'mapiri, n'kubisa kachitsulo kaja m'kati mwa mphira wa nsapato kuti munthu azitha kuyenda pansi. Mapedulo a SPD amagwira ntchito zaka zambiri, bola muzitsuka ndi kuthira girisi. Koma kulimba kwa chitsulo si kudalirika kwa chipangizo. Pedulo yomanga phazi imadalira zinthu zinayi nthawi imodzi: pedulo yeniyeniyo, kachitsulo ka kunsi, mabawuti ake, ndi nsapato. Chimodzi chikalephera, zinazo zilibe ntchito. Bawuti imodzi ikagwa, kachitsulo kamangozungulira ndi pedulo m'malo momasuka, phazi n'kukanirira pomwepo, wokwerayo n'kugwa ndi njinga yake yomwe. Nanga okonza njinga pansi pa mtengo pa Mitundu, amene amasunga masipoko, machubu, matcheni ndi makotapini, adzaipeza kuti bawuti imeneyo? Nsapato ikang'ambika, pa kaunjika mungadikire miyezi osaona ina ya saizi yanu.

Kenako pali dothi lathu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, njira zochoka pa msewu wa M1 kulowera kumidzi zimasanduka matope omata, ndipo m'madambo munthu amatsika n'kukankha njinga. Kutsika kulikonse kumadzaza katondo m'kachitsulo ka nsapato, ndiye pokwera pedulo imakana kugwira, kapena imagwira osafuna kumasula. Opanga amalidziwa vutoli. N'chifukwa chake mitundu ina, monga Time ATAC ndi Eggbeater ya kampani ya Crankbrothers, ili ndi mipata yaikulu yoti matope azitulukira. Komabe tizitsulo ta mitundu iwiriyi n'tofewa, timatha msanga ukamayenda nato pansi, ndipo sitilowa m'pedulo ya Shimano. Mwathawa matope, mwakalowa m'vuto la masipeya.

Otsutsa amati phazi likamangika, mwendo umakoka pedulo pokwera m'mwamba kuwonjezera pa kuponda, choncho mphamvu sizitayika. Zimamveka zoona, koma zoyesa za akatswiri sizinavomereze kwenikweni. Kafukufuku wina yemwe Guillaume Mornieux ndi anzake adafalitsa mu 2008 adayerekeza mapedulo wamba ndi omanga phazi pa kupalasa kwa liwiro lokhazikika, ndipo sadapeze kusiyana kooneka pa mphamvu zomwe thupi limawononga. Atawauza okwerawo kuti azikoka dala, thupi lidayamba kuwononga mphamvu zochuluka pa ntchito yomweyo. Phindu lenileni limaoneka pothamanga mwadzidzidzi, pokwera chitunda choimirira, ndi pa miyala pamene njinga ikudumphadumpha phazi n'kumafuna kuthawa. Amene akukonzekera mpikisano, n'kumayeserera m'njira za miyala za m'mbali mwa phiri la Nkhoma kapena la Bunda, phindu limeneli ndi lake, ndipo palibe chomuletsa. Ngakhale iyeyo adziwe kuti Sam Hill wa ku Australia adakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsika mapiri mu 2006, 2007 ndi 2010, n'kudzapambananso Enduro World Series zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2017, akupondera mapedulo athyathyathya pamene anzake ambiri anali omanga mapazi.

Chachikulu n'chakuti kuno njinga si ya masewero okha, ndipo kawirikawiri si ya munthu mmodzi. M'mawa yapita kuchigayo ndi thumba la chimanga, masana bambo akwera kupita kumaliro, madzulo mwana watumidwa kukagula mchere. Wina wavala patapata, wina nsapato za kutchalitchi, wina alibe nsapato. Pedulo yofuna nsapato imodzi yokha yatsekera banja lonse kunja. Wa kabaza amaima paliponse pamene wamva "Ayise, tiyeni!", ndipo akanyamula mayi wobereka mwana kumbuyo, phazi liyenera kufika pansi msanga galimoto ikamudutsa pafupi pa M1. Wonyamula matumba a makala kapena mitolo ya nkhuni kulowera mumzinda ndiye chitunda chilichonse amachikwera wapansi. Anthu ozolowera clipless amati kumasula phazi kumadzangochitika kokha pakapita nthawi. N'zoona, koma pophunzira pafupifupi aliyense amagwapo ataima, ndipo kugwa pa kapinga wa bwalo la mpira n'kosiyana ndi kugwa m'mphepete mwa tala muli ndi munthu pa kaliyala.

Wina anganene kuti mapedulo wamba nawo sali bwino, ndipo sakunama. Aliyense woyenda m'misika ya kuno waonapo njinga zomwe pulasitiki ya pedulo idasweka kalekale, mwini wake n'kumaponda kamtengo kachitsulo kokha, kosalala ngati sopo mvula ikagwa. Koma vuto limenelo ndi la katundu wotchipa, ndipo mankhwala ake ndi pedulo yathyathyathya yachitsulo kapena ya aluminiyamu, yotakata, ya mano ogwira nsapato, yomwe mabolo ake mmisiri angathe kutsegula, kutsuka ndi kuthiramo girisi. Bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidayamba mu 2005 ndipo njinga zake za Buffalo zikupezeka m'Malawi, lidatsata maganizo omwewa: chipangizo chilichonse chikhale cholimba, chosavuta kukonza, ndipo masipeya ake akhale pafupi. Ngakhale pedulo yathyathyathya itaphwanyika kunjira, munthu amafikabe kwawo.

Kwa wothamanga amene wasankhabe kumanga phazi, SPD ndiyo ingamuvutitse pang'ono, popeza ndi yofala kwambiri padziko lonse ndipo tizitsulo take n'tolimba. Poyamba amasule kabawuti ka sipuling'i kuti phazi lizituluka mosavuta, ndipo ngati angapeze, agule kachitsulo ka SH56 komwe kamamasuka m'njira zingapo, osati ka SH51 komasuka pokhapokha chidendene chapotokera kumbali. Mabawuti a kunsi kwa nsapato awapake girisi, aziwakhwimitsa kawirikawiri ndi sipanala ya Allen ya mamilimita 4, ndipo awiri apadera azikhala m'thumba. Mapedulo athyathyathya asawataye, chifukwa mvula ikayamba adzawafuna. Posinthanitsa, sipanala yake kawirikawiri ndi ya mamilimita 15, ndipo mazinga a pedulo yakumanzere amayenda mobwerera: imamasulidwa kulowera komwe yakumanja imamangira. Amisiri osadziwa zimenezi amaikakamiza ndi nyundo mpaka mazinga atha, mwini njinga n'kukagulanso mkono wonse wa pedulo.