Mtsuko Waukulu wa M'chipululu

Mukafunsa anthu chifukwa chimene pa oasis pamazizirira, ambiri amayankha msanga kuti ndi mthunzi. Yankho limeneli limandivuta mumtima. Thanthwe nalonso lili ndi mthunzi, koma mpweya wa pansi pake masana umakhalabe wotentha. Chimene chimaziziritsa malo a kasupe ndi mitengo pakati pa chipululuwa ndi madzi amene akusanduka nthunzi.

Taganizirani mtsuko wa agogo. Umachita thukuta kunja, thukutalo likamauma limachoka ndi kutentha, madzi a m'katimo n'kuzizira. Ena amaupaka penti kuti ukongole, kenako n'kumadabwa kuti madzi afunda. Atseka timabowo ta dothi! Enanso amaubisa pakona posapita mphepo, kumene kuli kulakwitsa komweko. Thupi lathu limadziziziritsanso ndi thukuta ngati mtsukowo tikamalima dzuwa lili paliwombo. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika kutentha koposa ka 7 kumene kumafunika kuti lita yomweyo ifike powira. Tsono ganizirani za Al-Ahsa ku Saudi Arabia, kumene kuli mitengo ya kanjedza yoposa 2.5 miliyoni, tsamba lililonse likutulutsa chinyezi tsiku lonse. Mphepo yotentha ndi youma ya m'chipululu ikalowa m'mundamo, kutentha kwake kumathera pa kuumitsa madzi. Mphepo ikauma kwambiri, m'pamenenso kuzizirako kumakula.

Mthunzi ndi wothandiza ndithu. Alimi a ku Tozeur ku Tunisia amadzala mosanjikiza: kanjedza pamwamba, makangaza ndi nkhuyu pakati, ndiwo zamasamba pansi. Kanjedzayo amatchinga dzuwa ndi mphepo kuti chinyezi chisabalalike msanga. Usiku denga la masambali limasunga kafundidwe, pamene mchenga wa pamtetete umazizira kwambiri.

Mvula yokha oasis sabweretsa, ndipo kuzizira kwake sikupita patali ndi mitengo yomalizira.

Nanga madzi ochuluka chonchi akuchokera kuti? Ku Siwa, ku Egypt, amachokera pansi pa nthaka, ndipo madzi akuya a m'derali ndi a mvula imene inagwa zaka masauzande zapitazo, Sahara adakali wobiriwira. Mvula ya lero siwabwezeretsa. Anthu atakumba zitsime zambiri, madzi otsala m'minda anasowa kolowera popeza Siwa ali m'chigwa chotsika kuposa nyanja. Anadzaza m'nyanja zamchere za pafupi, ndipo mcherewo unayamba kuumitsa kanjedza ndi maolivi a m'mphepete mwake.